Kahatchi kowondako musakafulumizitse

Achimwene, mwafunsa ngati kahatchi ka chaka chimodzi kamene mwakapulumutsa kali mafupa okhaokha mungayambe kukapatsa chimanga ndi kukakwera. Zonse ziwiri dikirani kaye. Hatchi yomwe yakhala ndi njala nthawi yaitali ikadya chimanga chambiri mwadzidzidzi, mchere wa m'magazi umasokonekera, ndipo imatha kufa pasanathe sabata. Masiku oyambawa muzikapatsa udzu wouma wa lucerne (chomera cha gulu la nyemba chodyetsa ziweto) pang'onopang'ono, maola 4 aliwonse, ndipo dokotala wa ziweto aone za njoka za m'mimba.

Kukwera ndiye ayi, msana sunakhwime. Dikirani kafike zaka 3 kapena 4. Pakadali pano kazolowetseni chingwe kumutu ndi kunyamulidwa phazi lililonse. Kakagonetsa makutu kumbuyo, kakwiya kapena kakuopa. Bwererani pang'ono, musakamenye.