Chifukwa Chake Wasayansi Wankhanza Amaopsa Kuposa Chilombo

Mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani m'mafilimu oopsa a zasayansi amene amatichititsa nthumanzi kwambiri amakhala wasayansi, osati chilombo chimene iye wapanga. Ine ndikuona kuti chilombo chimapha chifukwa cha njala kapena mantha, pamene wasayansiyo amadziwa bwino ululu umene akubweretsa, koma amapitirizabe mofatsa, uku akulemba zotsatira m'kabuku ngati kuti amene akubuula patebulopo si munthu.

Olemba nkhanizi sanangopeka khalidweli. Mu 1947 khoti la ku Nuremberg, ku Germany, linagamula mlandu wa anthu 23, ambiri mwa iwo madokotala a mu ulamuliro wa chipani cha Nazi cha Adolf Hitler, wokhudza kuyesera zinthu zoopsa pa akaidi, ndipo 7 anaweruzidwa kuti aphedwe. Ku Tuskegee, ku America, kuyambira 1932 mpaka 1972, amuna akuda mazana angapo odwala chindoko anasiyidwa osalandira chithandizo, ngakhale mankhwala a penisilini atapezeka, pofuna kungoona mmene matendawa amawonongera thupi.

N'chifukwa chake filimu yolembedwa bwino siimupatsa wasayansiyu maso ofiira kapena kaseko kamisala. Imamupatsa mawu aulemu, chovala choyera ndi cholinga chomveka, monga kupulumutsa anthu mamiliyoni ku mliri, moti woonera amatsala pang'ono kugwirizana naye asanaone mitembo imene waibisa.