Nyimbo ndi imene ikupha trailer yanu, achimwene

Mnyamata wina wa ku Kasungu wandilembera imelo. Iye ndi anzake ajambula filimu ya zaufiti pa foni, m'chigafa cha fodya cha amalume ake, ndipo adulako trailer, kachidutswa kokopa anthu kuti adzaonere filimuyo, ya mphindi imodzi yoika pa Facebook. Akufunsa kuti: "Taika nyimbo yoopsa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, koma oonera akungoseka. Tikulakwitsa pati?"

Achimwene, mukulakwitsa pomwepo. Khutu silichedwa kuzolowera. Phokoso likamangolira osalekeza, munthu amakhazika mtima pansi, pena mpaka kumagwedezera mutu ngati ali pa ukwati. Chimene chimaimitsa tsitsi ndi kudikira chinthu chimene sichikufika.

Mu filimu ya Jaws ya 1975, wopeka nyimbo John Williams anangotenga manotsi awiri n'kumawabwereza, kuyamba mwapang'onopang'ono kenako n'kumafulumira. Shaki, chinsomba cholusa cha mufilimuyo, sinaoneke, koma aliyense wadziwa kale kuti ikubwera. Odula ma trailer amayenda njira yomweyo: mawu amakwerakwera, zithunzi zikusintha mofulumira, ndiye pamene mukuti pano chiphulika, zonse zii, sikirini bii. Sekondi imodzi kapena ziwiri. Woonera akangoti apume, chitseko chija phwaa! Mantha onse agona pa zii ameneyo, ndipo safuna ndalama.

Azungu ali ndi chida china, besi yotsika kwambiri. Khutu la munthu limayamba kumva cha pa 20 Hz (Hz ndi muyeso wa kutsika kapena kukwera kwa mawu), ndipo mawu apafupi ndi pamenepo amamveka m'chifuwa kuposa m'khutu. Pa masipika akuluakulu a mu sinema zimagwiradi. Koma anthu anu aonera pa foni, ena ali pa kabaza, ndipo kasipika ka foni sikatulutsa besi yotero. Musatayirepo nthawi. Mukamaliza kudula, mverani pa foni yotchipa, osati pa mahedifoni okha.

Chuma chanu chili pakhomo pomwepo. Jambulani nkhululu ndi achule usiku, muwasiye alire pansi pa chithunzi cha chigafa, kenako muwadule onse nthawi imodzi. Wokulira kumudzi aliyense amadziwa kuti tchire likangoti zii, ndiye kuti pali chimene chikudutsa. Kadzidzi alire kamodzi kokha, chapatali. Kwa Mmalawi kulira kumeneko n'kwa maliro, simufunika kufotokoza. Akalira kasanu wasanduka nthabwala. Onjezani malata akulira ndi mphepo, mapazi pa masamba ouma a fodya, ndi kupuma kwa munthu pafupi kwambiri ndi maikolofoni.

Musaganize kuti zimenezi n'zaumphawi. Mu filimu ya Psycho ya Alfred Hitchcock ya 1960, mawu a mpeni ukulowa m'thupi anawapanga pobaya chipatso chonga vwende. Inu thyolani nzimbe, limenelo ndi fupa. Kabichi mukamuponda amamveka moipa kuposa mmene mungaganizire.

Ngati nyimbo mukuifunabe, onani trailer ya Us ya Jordan Peele, filimu ya 2019. Anatenga nyimbo yodziwika ya gulu loimba la Luniz, "I Got 5 on It", n'kuisandutsa yochedwa ndi yozizira, mpaka ya chisangalalo inayamba kunyansa. Inu musatenge ya woimba wina, Facebook ikhoza kukuzimitsirani mawu. Tengani kanyimbo ka masewera a ana ka makolo, kamene tonse tinaimbapo pa mwezi, mwana mmodzi akaimbe yekha, pang'onopang'ono, opanda ng'oma, ndipo alekere pakati pa mzere.

Mawuwa muwajambule paokha, osati nthawi imodzi ndi zithunzi. Pitani kutali ndi msewu wa M1 ndi chigayo, anthu atagona, ndipo foni muikulunge kansalu kuti mphepo isaombe pa maikolofoni. Mfiti yanuyo mu trailer musaionetse nkhope, ingomveka ikukoka phazi kuseri kwa chigafa. Mukadulanso nditumizireni ndimve.