Ku Zanzibar m'mwezi wa Ramadan

Achemwali, mwati mukamaliza kuoda katundu ku Kariakoo mu Dar es Salaam mukufuna kuwolokera ku Zanzibar, koma ulendowu wagwera m'mwezi wa Ramadan, ndiye mukufunsa ngati inuyo, poti ndinu Mkhristu, muyenera kutsatira miyambo yawo. Pitani ndithu. Palibe akakukakamizeni kusala kudya, koma za pamsewu zokhazo muzitsatire.

Masana musamatulutse botolo la madzi n'kumagugudiza pakati pa Stone Town, kapena kumatafuna mandasi mu daladala (minibasi za kumeneko). Amene mwakhala naye pampandoyo sanalawe ngakhale dontho chiyambire m'bandakucha, ndipo kutentha kwa kunyanjako si kwamasewera. Malo odyera ambiri a eni dera amakhala otseka mpaka dzuwa litalowa, ndiye muzidyera kuhotela kapena kuchipinda kwanu. Kukada, pitani ku Forodhani m'mbali mwa nyanja, mukapeza nsomba zowotcha, supu wotchedwa urojo ndi madzi a nzimbe ofinya inu mukuona. Wina akakuitanirani futari, chakudya chomasulira kusala dzuwa likalowa, kunyumba kwake musakane. Vulani nsapato pakhomo, mudye ndi dzanja lamanja.

Pa zovala samanyengerera ayi. Mu 2021 boma la Zanzibar linalengeza zoti alendo oyenda m'tauni osavala modzilemekeza azilipitsidwa chindapusa. Mapewa ndi mawondo zibisike. Chitenje chanu chomwecho chikwana, mukachiiwala mukagula kanga pamsika wa Darajani. Zosambirira zithere pamchenga ku Nungwi kapena ku Kendwa, polowa m'mudzi dzifunditseni.

Akuluakulu anati ukapeza anzako akukazinga maso nawe kazinga ako, koma ine mwambiwu sindiufikitsa patali chotero. Chipembedzo chanu n'chanu. Lamulungu mutha kukapemphera ku tchalitchi cha Anglican ku Mkunazini, chomwe chinamangidwa pamalo pomwe panali msika wa akapolo, kapena ku St Joseph ngati ndinu Mkatolika, ndipo palibe akakuyang'aneni ndi diso lofiira. Mumzikiti musangolowamo chifukwa mwaona chitseko chotsekula, ambiri salola amene si Asilamu.

Achikulire muziwayamba ndi "Shikamoo", akayankha "Marahaba" ndiye mufunse njira. Amayi a kumeneko ambiri sakonda kujambulidwa, pemphani kaye musanakweze foni. Boti yochoka ku Dar es Salaam imatenga pafupifupi maola awiri, ndipo pasipoti ikhale m'chikwama cha m'manja chifukwa padoko amaifuna, ngakhale kuti mukadali mu Tanzania momwemo.