Mwana akanena zakupha, yamba wamufunsa

Mdzukulu wanga, nkhani yako ndaimva. Wati m'kalasi mwako, Sitandade 3, muli mnyamata amene anajambula munthu atanyamula chikwanje, wina ali gone magazi ali chuchuchu, ndipo pa buleki anauza mnzake kuti, "Ndidzakudula khosi." Aphunzitsi anzako agawikana. Ena akuti alawe mkwapulo, ena akuti abwezedwe akatenge makolo, winanso wakunong'oneza kuti mwina mwanayo akuphunzitsidwa ufiti. Iwe wasowa chogwira.

Mtima m'malo. Ana ndi nkhondo zamasewera sanadziwane lero. Ife tinakula tikuvomera "tili tonse" ku nthano za zilombo zomeza mudzi wathunthu ndi za Fisi wofa imfa yowawa, tulo n'kubwera bwinobwino. Anyamata ankaumba mfuti zadothi, ena kupanga zamapesi, abuluzi n'kumaona zakuda ndi malegeni. Masiku ano ana amathera kumavidiyo a pamsika, komwe akatswiri a zibakera amawalankhulitsa Chichewa, ndiye kukacha bwalo la sukulu ladzaza asilikali. Wina akati "ndakupha", mnzake amagwa, n'kudzukanso kuti naye abwezere, onse akuseka. Ang'onoang'ono ena a Sitandade 1 sanazindikire n'komwe kuti wakufa sadzukanso.

Komatu usangoti n'chibwana basi. Ntchito yako ndi kudziwa komwe mawuwo achokera, ndipo sungadziwe usanafunse. Usamufunse pamaso pa anzake. Mupemphe akunyamulire makope, kapena mutsale awiri anzake akamapita kukalandira phala. Ukhale pambali pake, osati kumuimirira pamutu. Funso loti "N'chifukwa chiyani wajambula zoipazi?" limatseka pakamwa, chifukwa wamuweruza kale. Unene kuti, "Tandisimbire nkhani ya chithunzichi. Uyu ndani? Nanga wagonayu? Kenako zinatha bwanji?" Ukatero udikire. Ana athu tinawaphunzitsa tokha kuwerama ndi kukhala chete pamaso pa akuluakulu, choncho akamakanda pansi ndi chala chakuphazi usati ndi mwano. Mwina ayankha mawa, mwina sabata yamawa. Ngati nkhani yake ndi ya muvidiyo, uona nkhope ikuwala, mpaka akuchitira ndi manja momwe anamenyanirana. Ngati ndi ya kunyumba, mawu amatsika.

Ine ndinaphunzitsa kumalire m'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique ili mkati, anthu othawa kwawo atadzaza ku Nsanje, Mulanje, Ntcheu ndi Dedza mpaka kupitirira miliyoni, mtendere usanabwere mu 1992. Ana awo ankajambula pamchenga mfuti ndi nyumba zikuyaka. Vidiyo anali asanaionepo. Ankatiuza zimene maso awo anaona, m'njira imene akanatha. Lero kulibe nkhondo, koma mwana amaona bambo akuponda mayi usiku, amaona khamu likuotcha wakuba ndi tayala pamsika, akuluakulu akukuwiza. Palinso za m'kalasi momwemo. Kuyambira 1994, pomwe pulayimale inakhala yaulere, makalasi ambiri amapitirira ana 100, wa zaka 8 kukhala pansi limodzi ndi wobwereza wa zaka 13. Kawirikawiri amene amati "ndidzakubaya" ndi wamng'ono uja amalandidwa chigumu tsiku ndi tsiku, alibe mphamvu zobwezera, ndiye amabwezera m'mutu. Ufufuze ndani amakhala naye pafupi, ndani amayenda naye pobwerera.

Za mkwapulo, unduna wa zamaphunziro unaletsa kale, ndipo ine ndikugwirizana nawo. Ukamenya mwana chifukwa wanena zomenya, wamutsimikizira kuti wamkulu akakwiya amamenya wamng'ono. Asiya kujambula, inde, koma maganizo aja atsala, ndipo iwe watseka khomo lokhalo lomwe ukanaonera zam'kati mwake. Za ufitizo ndiye usazilole n'komwe kuti zituluke m'chipinda cha aphunzitsi. Lamulo la 1911 likadalipo, ndipo limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Dzina lotere likamumatirira mwana pamudzi, amakula nalo, anzake amamuthawa, pena amavulazidwa.

Sindikunena kuti umunyengerere. Malire ayenera kuwamva momveka: "Kukwiya si mlandu, nanenso ndimakwiya. Koma pasukulu pano sitiopsezana." Umuphunzitse choti anene m'malo mwake, monga "wandipsetsa mtima" kapena "ndikukanena kwa aphunzitsi", ndipo akabweradi kudzanena umumvere, apo ayi abwerera ku mawu akale. Usaiwalenso woopsezedwa uja. Nayenso ndi mwana, mwina sakugona tulo. Apepesedwe, ndipo kwa masiku angapo asakhale moyandikana.

Pali nthawi imene kudekha kumatha. Ngati mwana akutchula munthu yemweyemweyo mobwerezabwereza, akunena malo ndi tsiku, wapezeka ndi mpeni, lezala kapena msomali wonola m'thumba, akuzunza agalu ndi nkhuku mosangalala, kapena wayamba kunena zodzipha, usagone nazo. Tsiku lomwelo ahedi adziwe. Kumbukiranso kuti ifeyo timawauza ana abwere ndi makasu ndi zikwanje tsiku lolambula pasukulu. Mwana amene ali ndi chakukhosi chotere umupatse tsache, ndipo akhale pomwe ukumuona. Ulembe m'kope tsiku ndi mawu ake enieni monga anawanenera, osawonjeza mchere, chifukwa pofika kwa ahedi, kwa a komiti, kwa a PEA (alangizi oyang'anira sukulu za pulayimale m'dera), nkhani imakhala itamera miyendo.

Pa zoitana makolo, ponda mosamala. Ngati wanyamula chikwanje pachithunzipo ndi bambo ake omwe, kalata yako ikakhala chikwapu cha usiku umenewo. Yamba wafunsa amayi a Mother Group, gulu la amayi am'mudzi lothandiza ana pasukulu, amene amadziwa khomo lililonse ndi zochitika zake, mwina akuuza kuti woyenera kulankhula naye ndi agogo ake kapena amalume. Mutu umodzi susenza denga. Zikaoneka kuti mwanayo akuchitiridwa nkhanza, kuli oteteza ana a ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma, kuli Victim Support Unit, nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza kupolisi, kulinso nambala yaulere ya 116. Lamulo loteteza ana la 2010 lili kumbali yako. Kupolisiko sukupita kukamangitsa mwana, pajatu wosakwana zaka 10 saimbidwa mlandu. Ukupita kukamupezera chitetezo.

Akayamba kutseguka, mwana amakonda kunena kuti, "Koma musauze munthu." Usalonjeze. Ukalonjeza n'kukaulula, sadzakhulupiriranso mphunzitsi aliyense. Umuuze chilungamo: "Anzako sindiwauza, ngakhale mmodzi. Koma ngati wina akukupweteka, kapena iwe ukufuna kupweteka wina, ndiuza wamkulu amene angatithandize, ndipo ndiyamba ndakuuza kuti ndi ndani." Akhoza kukukwiyira masiku awiri atatu. Uzimupatsabe moni pomutchula dzina m'mawa uliwonse, ndipo ukapita kwa ahedi upite naye limodzi ngati iye akufuna.