Akuti mitsempha ya mtima sinatsekeke, nanga pachifuwapa pakupwetekeranji?

Mayi ena a ku Santhe anditumizira imelo. Ali ndi zaka 54, pachifuwa pamawathina akamakwera chitunda ndi ndowa pamutu, nthawi zinanso usiku ali gone. Mwana wawo anawaitanitsa ku Johannesburg, kumeneko anawapanga angiogram, kujambula mitsempha ya mtima kuti aone ngati yatsekeka, adokotala nkuwauza kuti mitsempha ya mtima ili mbee, sinatsekeke. Pano abale ena akuti ndi maganizo chabe, ena akuti apite kwa asing'anga. Funso lawo ndi loti, kodi ndikunama ine?

Ayi mayi, simukunama. Angiogram ija imaona mitsempha ikuluikulu yokha, tingoti yaona M1 kuchoka ku Lilongwe kudutsa pa Kasungu pano ndipo yapeza kuti msewu uli bwino, koma tinjira tolowa kumidzi siinatione. Mtima uli ndi timitsempha ting'onoting'ono tosakwana theka la milimita ndipo tikamalephera kutseguka bwino nthawi imene mtima ukufuna magazi ambiri, ululu wake umakhala ngati wa munthu wotsekeka mitsempha yemwe. Dzina lake ndi microvascular angina, ndipo imakonda kwambiri azimayi amene asiya kusamba, makamaka akakhala ndi BP kapena shuga. Nkhani yanu ya chitunda ija ine yandiganizitsa zimenezi.

Ya usikuyo ndi ina. Mtsempha waukulu womwewo umatha kudzifinya wokha kwa mphindi zingapo kenako nkumasuka, nde tsiku lokujambulani umapezeka uli phee ngati wosalakwa. Dokotala wa ku America, Myron Prinzmetal, analemba za vutoli mu 1959. Limabwera kwambiri usiku kapena mbandakucha, ndipo kusuta kumalikolezera, olo chingambwe chomwe. Mankhwala ngati amlodipine, omwe aja a BP, amathandiza, koma akulembereni adokotala, osati kukabwereka kwa aneba.

Komanso pachifuwa sipakhala mtima wokha. Kummero kumadutsa kuseri kwa mtima, nde chilungulira chimanamiza anthu ambiri, munthu wadya nsima yambiri ndi kapenta wokazinga mafuta tho, nkugona nthawi yomweyo, asidi wa m'mimba akwera. Apa mpamene ndimadandaula ndi Brufen, anthu amamwa ngati maswiti poti pachifuwa pakupweteka chonsecho ngati gwero ndi zilonda za m'mimba akungothira mchere pabala.

Nyengo yodinda mabelo a fodya kuno amuna ambiri amadandaula zomwezi. Mlamu wanga chaka china anachita kutsanzika ana ati mtima waima, koma nditamudina ndi chala pamene nthiti zimalumikizana ndi fupa lapakati analumpha. Kunali kutupa kwa polumikizira nthiti chifukwa cholimbana ndi jeke. Ululu woti mutha kuuloza ndi chala chimodzi, umene ukukula mukadina kapena kutembenuka, kawirikawiri si wa mtima.

Kwathu kuno tisaiwale TB. Imatha kugwira kathumba kokuta mtima, makamaka kwa amene ali ndi HIV, ululu wake umabaya ndipo umachepako mukakhala tsonga nkuweramira kutsogolo. Chibayo nacho chimabaya popuma. Kuchepa kwa magazi kumapangitsa mtima kugwira ntchito ya anthu awiri. Nkhawa nayo imapweteketsadi pachifuwa, zoona, koma tizifikapo titayeza zinazi, osati kuyambira pomwepo chifukwa wodwala ndi mzimayi.

Nde mayi, bwererani kuchipatala ndi mapepala onse a ku Joni aja pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala. Kwa masabata awiri muzilemba nthawi imene ululu wayamba, mumatani, watenga mphindi zingati, mwadya chani. Pemphani akuyezeni BP, shuga, kuchuluka kwa magazi, akujambuleni pachifuwa, ndipo funsani mwachindunji za timitsempha tating'ono tija. Koma tsiku lina ululu ukadzakhala wothina osasiya mphindi 15, thukuta lili kamukamu, mpweya ukubanika kapena ululuwo ukutsikira kumkono ndi kunsagwada, musadzati paja ku Joni anati zili bwino. Pezani njinga yamoto kapena galimoto usiku womwewo, osadikira kuche.