TV ya mainchesi 65 ndi ngongole ya ku banki mkhonde

A Mlangizi, ndili ndi okala ku Chibavi kuno ku Mzuzu. Bambo a kunyumba ndi ana akudandaula kuti TV yathu ndi yaing'ono, mpira sauona bwino. Ndapeza ya mainchesi 65, ya 4K, pa K1,400,000. Ndasunga K900,000, yotsalayo ndikufuna ndibwereke ku banki mkhonde, komwe chiwongoladzanja ndi K20 pa K100 iliyonse pamwezi. Wogulitsa akuti ndifulumire chifukwa mitengo ikukwera. Timaonera pa dekoda. Nditani? Mayi wa ku Chibavi.

Mayi, TV gulani ndithu. Mwakhetsa thukuta, ndipo ana akamaonera mpira pakhomo mtima umakhala m'malo kusiyana ndi kuti azikachezera ku vidiyo sho usiku. Koma ngongoleyo musatenge.

Tiwerengere limodzi. K500,000 pa chiwongoladzanja chimenecho ikubala K100,000 mwezi uliwonse. Mukakhala nayo miyezi itatu musanabweze, TV ya K1,400,000 ija mwaigula K1,700,000. Nanga yobwezerayo ichokera kuti? Mu okala momwemo. Shuga, sopo ndi mafuta ophikira ndi zimene zimabweza ndalama, pomwe TV ingokhala pakhoma. Mukayamba kutapa mpamba kuti musachite manyazi tsiku la msonkhano wa gulu, mashelefu amayamba kuyera, ndipo kasitomala akabwera kawiri osapeza chimene akufuna amazolowera okala ya mnzanu. Ngongole ya banki mkhonde imayenera katundu amene mukaoda lero, pofika tsiku lobweza mwagulitsa kale.

Pa za mitengo wogulitsayo sakunama. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo katundu wochokera kunja amatsata zimenezi msanga. Koma katoni ya sopo imene mumaoda nayonso ikukwera. Ndiye ino ndi nthawi yoti mpamba uzikula, osati kuuchepetsa.

Tsopano kukula kwake. Mainchesi amayezedwa mopingasa, kuchokera pa ngodya yapansi kufika pa ngodya yapamwamba mbali inayo. Ya 65 kuchokera kumanzere kufika kumanja ndi masentimita pafupifupi 144, ya 55 ndi pafupifupi 122. Dulani chingwe cha muyezo umenewu muchigwire pakhoma pabalaza panu, kenaka muyeze kuchokera pampando kufika pakhomapo. Ngati sipakwana mamita atatu, ya 50 kapena 55 ikukwanirani, ndipo kwa amene anazolowera yaing'ono ioneka yaikulu zedi.

Nkhani ya 4K ndi imene ndikufuna muimvetse bwino, chifukwa anthu ambiri amalipirira chinthu chimene sadzachiona. 4K ndi chithunzi cha timadontho 3840 kuchokera kumanzere kufika kumanja ndi 2160 kuchokera pansi kufika pamwamba, koma TV imaonetsa chithunzi chimene yapatsidwa. Madekoda ambiri amene ali m'nyumba zathu amalekera pa HD, chithunzi cha timadontho tochepa kuposa 4K, ndipo matchanelo ambiri safika n'komwe pamenepo. Chithunzi choterocho mukachitambasula pa galasi lalikulu n'kukhala pafupi, osewera mpira amaoneka ngati ali mu nkhungu. 4K yeniyeni imadzera pa intaneti, ndipo pa Netflix imatha kudya 7GB pa ola limodzi. Ganizirani mtengo wa bandulo. M'sitolo amaika kanema wa pa fulashi wa maluwa ndi mathithi, wokongola kwambiri. Inu apempheni alumikize dekoda, muone MBC kapena Zodiak mmene ikuonekera, chifukwa zimenezo ndi zimene muzionera kwanu.

Mayunitsi asakuopseni kwambiri. Kumbuyo kwa TV kuli kapepala konena mawati ake. Ya mawati 100 ikamayaka maola asanu patsiku imadya theka la yunitsi, ndiye kuti mayunitsi 15 pamwezi. Za plasma zakale zogulidwa kwa munthu zimadya kuposa apa, zisiyeni. Choopsa ndi magetsi akabwera mwamphamvu atazima, komanso ziphaliwali, ndipo mvula ya kuno mukuidziwa. Musailumikize pakhoma popanda TV guard, kachipangizo kamene kamadikira kaye magetsi akhazikike. Kukamachita mabingu zulani pulagi ndi waya wa dishi womwe, chifukwa mphenzi imatha kulowera kumeneko.

Kogula ndi kwambiri, m'masitolo a m'tauni ngakhale ku msika wa Taifa, komwe katundu wambiri amachokera ku Tanzania kudzera pa chipata cha Songwe. Kulikonse kumene mupite, dzina ndi nambala ya mtundu wake zifanane pa katoni, pa kapepala ka kumbuyo, komanso mkati mwa TV mukalowa pa settings. Zikasiyana, bwezani ndalama m'chikwama. Ayiyatse muli pompo, aonetse chithunzi choyera chokhachokha kenaka chakuda, muone ngati palibe kadontho kakufa kapena mzere. Ayese mabowo onse a HDMI, molowera waya wa dekoda, komanso rimoti.

Risiti musasiye, ngakhale atakuchotserani kangachepe kuti mupite opanda. Ikhale ndi dzina la sitolo, tsiku, serial number ya TV yanuyo, ndi miyezi ya waranti yolembedwa, osati ya pakamwa. Funsani kuti ikavuta amakonzera kuti. Ngati ndi ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 300, amalipira mayendedwe ndani? Mukadzasemphana, ku Competition and Fair Trading Commission amalandira madandaulo a ogula, koma opanda risiti nkhani yanu idzavuta kuitsimikiza. Ponyamula ikhale m'katoni mwake, yoimirira, m'galimoto osati pa kabaza. Galasi likasweka waranti siikhudza, ndipo kusintha kwake kumayandikira mtengo wa TV yatsopano.

Pa K900,000 yanuyo, patulani kaye ya TV guard, chitsulo chopachikira pakhoma ndi galimoto yonyamulira. Yotsalayo ndiye mtengo wa TV yanu, ndipo yendani masitolo atatu kapena anayi musanatulutse ndalama. Yakale ija gulitsani muwonjezerepo.

Bambo a kunyumba akakhala kuti mtima wawo uli pa 65 basi, khalani nawo pansi muwaonetse masamu a K100,000 pamwezi aja. Yotsalayo asonkheko iwo pang'onopang'ono, inu musunge yanu pamalo poti simuigwira, mudzagule ikakwana.