Ndevu zanga zikuyabwa

FUNSO: Ndine kondakitala wa minibasi. Kukayamba kuzizira ndevu zanga zimayabwa ndiponso zimakhakhala. Kodi mafuta a ndevu angandithandize? Nanga angameretse ndevu m'masaya? Wowerenga, Matero, Lusaka.

YANKHO: Achimwene, fumbi ndi mphepo youma ya mu June ndi July zimaumitsa khungu la pansi pa ndevuzo. Mafutawa amakhala osakaniza mafuta a zomera monga jojoba, argan wa ku Morocco kapena nsatsi, kuphatikiza tonunkhiritsa. Mukasamba, ndevu zisanaumiretu, donthezani madontho atatu m'manja, pakani mpaka pakhungu penipeni, kenako pesani. Zidzafewa, mfundu idzachepa.

Koma pamene sipanamere, mafuta sameretsa ayi, izo n'zakumtundu. Ngati khungu lanu silichedwa kutupa, gulani opanda fungo, muyambe mwayesa kuseri kwa khutu.